Mafunso Anu: Kukaonerera mpikisano wa XTERRA ku Grabouw n'kubwerako tsiku lomwelo

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa abale athu okhala ku Cape Town ndi m'matauni ozungulira, ndipo akufunsa za mpikisano wa XTERRA, wa kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga m'tchire, womwe kwa zaka zambiri wakhala ukuchitikira ku Grabouw, m'chigwa cha Elgin, nyengo yotentha ya kumayambiriro kwa chaka. Ayankha ndi anzathu a tsamba la masewera ndi maulendo. Mafunso ena tawafupikitsa.

Abwana anga akuti akapikisana nawo pa triathlon ya m'tchire ku Grabouw, ndipo atiitana kuti tikawachemerere. Kodi ndi masewera anji, nanga akusiyana pati ndi ija timaiona pa TV? Bambo wa ku Bellville

Bambo, triathlon ndi mpikisano umodzi wa zigawo zitatu zotsatizana popanda kupuma: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Wotchi ikayamba pomwe alowa m'madzi siimanso mpaka adutse mzere womaliza, moti ngakhale nthawi yovala nsapato imawerengedwa. Ija ya pa TV, yomwe inalowa m'masewera a Olympics mu 2000 ku Sydney, ndi ya pa tala: mamita 1,500 m'madzi, makilomita 40 pa njinga ya matayala owonda, ndi makilomita 10 othamanga.

Ya m'tchireyi kusambira kwake n'kofanana, koma njinga ndi ya m'mapiri, ya matayala onenepa okhala ndi mano, ndipo imadutsa m'tinjira ta miyala, mchenga ndi mizu. Kuthamanganso ndi m'tinjira ta phiri. Muyezo wa XTERRA ndi kilomita imodzi ndi theka m'madzi, makilomita 30 pa njinga ndi 10 othamanga, koma malo aliwonse amasinthako malinga ndi phiri lawo. Ku Grabouw amasambira m'damu la Eikenhof, njinga imakhala ya makilomita pafupifupi 28, kuthamanga pafupifupi 12. Musanyengedwe ndi kuchepa kwa makilomita a njingawo. Akatswiri amamaliza makilomita 40 a pa tala ola lisanakwane, pomwe 28 a m'phiri amawadyera ola ndi mphindi 15 kapena kuposa.

Mpikisanowu unayambira pa chilumba cha Maui ku Hawaii mu 1996, dzina lake likadali Aquaterra, ndipo fainolo ya dziko lonse inasamukira ku Molveno m'dziko la Italy mu 2022. South Africa ili ndi mbiri yaikulu pa masewerawa. Conrad Stoltz anakhala katswiri wa dziko lonse kanayi, mu 2001, 2002, 2007 ndi 2010, ndipo Bradley Weiss anapambana mu 2017 ndi 2019. Flora Duffy wa ku Bermuda anapambana ku Grabouw kangapo asanakatenge golide wa Olympics ku Tokyo mu 2021.

Chinthu chimodzi afunseni abwanawo: alembetsa mpikisano uti? Pamakhala wathunthu, wina waufupi wa ongoyamba kumene, wa matimu a anthu awiri kapena atatu ogawana zigawo, komanso wa ana. Masiku ndi nthawi zoyambira zimasiyana, ndipo zimasintha chaka ndi chaka. Tsiku ndi malo mutsimikize kwa okonza mpikisano sabata yomweyo.

Tidzayenda pa galimoto yathu yaing'ono, anthu anayi. Tinyamuke nthawi yanji, tidzere kuti, ndipo tithire mafuta ochuluka bwanji? Mayi wa ku Wynberg

Mayi, kuchokera pakati pa Cape Town kukafika ku Grabouw ndi makilomita pafupifupi 70 pa msewu wa N2, ndipo palibe geti lolipiritsa. Mudutsa bwalo la ndege, mufika ku Somerset West komwe maroboti amachedwetsa, mukwera Sir Lowry's Pass, mudutsa m'mbali mwa damu la Steenbras, kenako mupatukira ku Grabouw. Likulu la mpikisano limakhala pa Country Club ya m'mphepete mwa damu la Eikenhof, makilomita ochepa kunja kwa tauni. Msewu ukakhala woyera ndi ulendo wa ola limodzi. Inu werengerani ola ndi theka, chifukwa makilomita omaliza mumakhala pa mzere umodzi ndi galimoto mazana zonyamula njinga, ndipo koimika galimoto kumakhala kotalikirako. Muyenera kukhala mutafika pa damu kutatsala ola kuti ayambe. Mwachitsanzo akati ayamba 8 koloko, pa geti la kwanu tulukani 5:30. Mu Febuluwale dzuwa limatuluka itangodutsa 6 koloko, ndiye chigawo choyamba muyenda kusanayere bwino. Musaime m'mbali mwa N2 pakati pa bwalo la ndege ndi Somerset West. Chikakuvutani, limbikirani mpaka pa filing'i siteshoni.

Mafuta: galimoto yomwa malita 7 pa makilomita 100 ifuna malita 10 kupita ndi kubwera. Mukafuna kubwerera njira ya kunyanja yomwe tafotokoza m'munsimu, ulendo wonse upitirira makilomita 200, ndiye malita 15. Onjezeranipo asanu a chitunda ndi mizere.

Pomwe galimoto zakale zimagonjera ndi pa Sir Lowry's Pass. Msewuwu, womwe unatsegulidwa mu 1830, umachoka pafupi ndi nyanja n'kukwera mamita oposa 400 pa mtunda waufupi. Galimoto yodzaza anthu, ya madzi operewera mu redieta kapena fani yakufa, imawira chapakati. Dzulo lake, injini ili yozizira, onani madzi, oyilo ndi mpweya wa m'matayala, osaiwala la sipeya. Singano ya kutentha ikayamba kukwera, zimitsani eyakoni, pezani malo otakasuka oimapo, ndipo chivundikiro cha redieta musachikhudze kwa mphindi 30, chifukwa madzi owira amathovokera kumaso. Potsika gwiritsani giya 3. Mukatsika mutaponda buleki njira yonse, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira bwino.

Pali zina ziwiri. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imaomba mwamphamvu nyengo imeneyi, ndipo pa phirili inagwetsapo malole, choncho gwirani chiwongolero ndi manja awiri makamaka popitirira thiraki. Komanso nthawi zina N2 imatsekedwa pa Grabouw chifukwa cha zionetsero kapena moto wa tchire. Mverani wailesi musananyamuke. Ikatsekedwa, njira ina ndi ya N1 kudzera ku Franschhoek pa R45, kudutsa damu la Theewaterskloof, n'kulowa Grabouw pa R321. Ndi yokongola kwambiri, koma onjezerani ola.

Ine ndilibe galimoto. Minibasi ingandifikitse? Mnyamata wa ku Strand

Achimwene, ingakufikitseni m'tauni ya Grabouw kuchokera ku Somerset West, koma osati pa damu, ndipo m'mawa wa Loweruka kapena Lamlungu imachedwa kudzaza. Mukhoza kufika anthu atatuluka kale m'madzi, pomwe kusambirako ndi chigawo chokhacho chomwe chimaoneka chonse. Uber ikutengani popita, koma pobwerera galimoto zake n'zosowa kumeneko. Chanzeru n'kusonkherana anthu anayi, kupangana ndi mnzanu wa galimoto, ndi kugwirizana mtengo wa kupita ndi kubwera musanakwere. Kupempha lifiti kwa wopikisana nawo n'kotheka, kungoti amanyamuka mbandakucha ndipo malo a kumbuyo amakhala atatenga ndi njinga.

Mnzanga anapitako chaka china, ndipo akuti anangoona anthu akulowa m'madzi, kenako anakhala maola atatu akuyang'ana phiri. Munthu aime pati kuti aone kanthu? Wowerenga wa ku Parow

Mnzanuyo sananame, ndipo funso lanu ndi lomwe limasiyanitsa tsiku losangalatsa ndi tsiku longopsa ndi dzuwa. Mpikisanowu suchitikira m'bwalo. Ochita nawo amasowa m'phiri nthawi yaitali, ndiye woonerera ayenera kuyenda ndi wotchi.

Werengani kuyambira pomwe lipenga lalira. Akatswiri amatuluka m'madzi patatha mphindi pafupifupi 20, anthu wamba pakati pa 28 ndi 40, omalizira kupitirira apo. Poyambira musaime kumbuyo kwa gulu, mungoona misana. Imani chapambali m'mphepete mwa damu, cha kumene adzatulukire. Pamenepo muona gulu lonse likuthamangira m'madzi, likupanikizana pa chibaluni choyamba chomwe amazungulira, kenako nkhope zawo potuluka. Ambiri amatuluka akudzandira, chifukwa munthu amene wakhala chogona m'madzi kwa theka la ola akaimirira mwadzidzidzi amachita chizungulire.

Wanu akangotuluka, thamangirani ku mpanda wa malo osinthira, omwe amawatchula transition. Ndi bwalo la mizere ya zitsulo zokolekapo njinga, aliyense pa nambala yake. Kusintha koyamba amati T1, kwachiwiri T2. Pitaniko mpikisano usanayambe, muone mzere umene pali njinga ya munthu wanu, khomo lolowera ndi lotulukira. Malo abwino kuposa onse ndi ngodya yomwe mukuona makomo awiri nthawi imodzi.

Kenako amasowa. Chinyamukireni pa njinga, otsogola amabwera patatha ola ndi mphindi 15 mpaka ola ndi theka, anthu wamba maola awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma simuyenera kudekha mutangokhala. Funsani oyang'anira njira, aja ovala zonyezimira, kuti njira ya njinga imayandikira pati kwa woyenda pansi. Sankhani pa chitunda, osati potsetsereka. Pokwera amayenda pang'onopang'ono, mumawazindikira, amakumvani, ndipo chithunzi chimatuluka bwino. Potsetsereka amangoti fyuu, ndipo ndi pomwe mungagundidwe. Pa khona imani mkati mwake. Wa njinga akaterereka amagwera kunja kwa khona, komwe anthu osadziwa amakonda kuima. M'mbali mwa phiri imani kumtunda kwa kanjira, mapazi awiri kuchokera m'mphepete, ndipo musadutse kanjirako musanayang'ane ndi kumvetsera.

Chigawo chotchuka cha ku Grabouw ndi Rock Garden, kanjira kotsika pakati pa miyala ikuluikulu, komwe ambiri amatsika pa njinga n'kuikankha. Ngati chaka chimenecho njira yadutsa pamenepo ndipo oyang'anira akuloleza, dziwani kuti kupitako ndi ulendo wokwera wapansi, ndipo T2 ya otsogola muiphonya. Maganizo athu ndi akuti amene mwabwerera munthu mmodzi musapiteko. Amene mwabwerera masewera enieniwo pitani, simudandaula. Mukakhala gulu gawikanani: awiri kuphiri, ena pa mpanda, muzitumizirana uthenga wanu akadutsa.

T2 ndi yachangu. Katswiri amakoleka njinga, kuvula helemeti, kusintha nsapato n'kutuluka mphindi imodzi isanathe, moti mukapita kukagula khofi nthawi yolakwika mumuphonya. Kuthamanga kumatenga mphindi 45 mpaka 55 kwa otsogola, ola ndi mphindi 15 mpaka maola awiri kwa ena onse. Ndiye kuti wopambana amafika patatha maola awiri ndi theka kapena kucheperako pang'ono, pomwe anthu wamba amafika pakati pa maola atatu ndi theka ndi maola asanu ndi theka.

Dzulo lake mufunseni wanuyo zinthu zinayi: nambala yake, mtundu wa kapu yosambirira, mtundu wa malaya ndi helemeti, ndi nthawi yomwe akuyembekeza pa chigawo chilichonse. Mulembe pa pepala. Pa nthawi za njinga ndi kuthamanga onjezerani mphindi 15 chigawo chilichonse, poti ongoyamba kumene amadziyesa ndi liwiro la tsiku lozizira ali ndi mphamvu zonse. Koma pa mpanda fikanibe pa nthawi yomwe wanena.

Alamu anga akupikisana nawo koyamba. Ndimati ndiwadikirire panjira ndi botolo la madzi ozizira ndi nthochi. Palibe vuto? Mayi wa ku Mfuleni

Vuto lilipo, mayi, ndipo lingawonongetse thukuta la miyezi ingapo. Malamulo a triathlon saloleza thandizo lochokera kwa woonerera. Madzi, chakudya, pampu, chubu, ngakhale kuwagwirira njinga pamene akukonza tcheni, zonsezi zingachititse kuti alamu anu apatsidwe chilango cha nthawi kapena achotsedwe. Madzi amalandira pa matebulo a okonza mpikisano, ndipo zina amanyamula okha. Kuthamanga nawo limodzi pambali n'koletsedwanso, chifukwa amati mukuwakokera liwiro. M'bwalo losinthira woonerera salowa, ngakhale mpikisano utatha.

Mukaima pa mpanda muona oweruza akuimitsa anthu, ndipo zifukwa zake n'zomwezomwezo. Helemeti iyenera kumangidwa lamba munthu asanachotse njinga pa chitsulo, ndipo samasula mpaka ataikolekanso. M'bwalomo njinga amaikankha. Amakwera atadutsa mzere wojambulidwa pansi potulukira, ndipo pobwera amatsika asanaudutse. Munthu wotopa amaiwala zimenezi, ndiye apa ndi pomwe pakamwa panu pangathandize: kukuwa kuti "helemeti!" sikoletsedwa. Za chovala cha rabala chosambirira, wetsuit, amalengeza m'mawa womwewo atayeza madzi. Pa mtunda wa mamita 1,500, malamulo a bungwe la World Triathlon amachiletsa kwa anthu wamba madzi akapitirira madigiri 22, ndipo kwa akatswiri akapitirira 20.

Botolo lanulo ndi nthochi zisungeni mu kulabokosi, mudzawapatse akadutsa mzere womaliza. Onjezeranipo thaulo, malaya ouma, masilipasi, ndi kanthu ka mchere monga mtedza wokazinga kapena tchipisi. Nsima ndi nyama zidikire ola limodzi, mimba ikhazikike kaye.

Pa zithunzi ndimaona ena akukankha njinga, ena ataisenza, ena atakhala pansi atagwira mwendo. Njinga zodula chonchija zimafa bwanji? Wokonza njinga wa ku Delft

Amisiri, funso ili ndi lanu ndithu. Choyamba ndi matayala. Njinga zambiri za mpikisanowu zilibe chubu. Tayala limamatirira ku rimu, ndipo mkati amathiramo madzi a ulimbo, mamililita 60 mpaka 120, omwe amatseka okha kabowo ka minga. Mpweya amaika wochepa, pakati pa 1.4 ndi 1.8 bar malinga ndi kulemera kwa munthu. Ukachuluka tayala limadumphadumpha pa miyala n'kuterereka pa mchenga wa m'makhona. Ukachepa, rimu imamenya mwala n'kutsina tayala, kapena tayala limatseguka m'mphepete pa khona n'kutaya mpweya nthawi imodzi. Miyala ya m'mapiri amenewa ndi yakuthwa, imang'amba tayala m'nthiti, ndipo bala la m'nthiti ulimbo sutseka. Wokonzeka amanyamula tizingwe ta rabala tolowetsa pa bowo, kabotolo ka mpweya wa CO2, ndi chubu chimodzi ngati zonse zakanika. Amene mumawaona akukankha kwa makilomita ndi aja ulimbo wawo unauma kalekale osauyang'ana, poti m'nyengo yotentha umauma m'miyezi iwiri kapena itatu.

Chachiwiri ndi tcheni. Chimaduka munthu akasintha giya ali pakati pa chitunda ataponda pedulo ndi mphamvu zonse. Giya amasintha chitunda chisanayambe. Wokhala ndi kachida kodulira tcheni ndi kamfundo kolumikizira amakonza m'mphindi zisanu. Chachitatu ndi kachitsulo kofewa komwe kamagwira chosinthira magiya kumbuyo. Anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka m'malo mwa felemu. Njinga ikagwera kumanja kamapindika, magiya amayamba kulumpha, ndipo munthu akaumirira giya yopepuka kwambiri chosinthiracho chimalowa m'masipoko. Zikatero ulendo wa njinga watha.

Koma kukankha kwina si kuwonongeka. Pa chitunda choimirira cha miyala yosakhazikika, kuyenda pansi kumafulumira kuposa kupalasa.

Ogwira mwendo aja ndi minofu yakokana, ndipo zimachitika kwambiri pa makilomita awiri oyamba othamanga. Miyendo imakhala yazolowera kuzungulira, tsono ikuyenera kunyamula thupi pa chitunda. Chimawonjezera ndi ichi: m'kanjira ka miyala manja onse amakhala pa handulo, munthu amatha ola osamwa osadya. Pa tsiku lotentha amayenera kumwa pakati pa theka la lita ndi mamililita 750 pa ola, ndi kudya za shuga pafupifupi magalamu 60 pa ola. Wophonya zimenezi pa njinga amakalipira pothamanga.

Mukaona wina wagwa patsogolo panu, choyamba mmodzi athamangire kumtunda kukachenjeza obwera. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena wakomoka, musamunyamule ndipo helemeti musamuvule. Itanani woyang'anira wapafupi, mumuuze nambala ya wovulalayo. Wothamanga amene akudzandira, kuyankha zosagwirizana kapena kusochera njira yoonekeratu, thupi latentha mopitirira, ndipo apa lamulo la thandizo lija liiwaleni: mthunzi, madzi ambiri pathupi, achipatala msanga. Nambala ya ngozi pa foni ya m'manja ndi 112.

Tikufuna kutenga ana atatu, wamng'ono wa zaka zinayi. Tinyamule chiyani? Banja la ku Kraaifontein

Atengeni, amasangalala, makamaka tsiku lomwe kuli mpikisano wa ana anzawo. Madzi akumwa: malita awiri kapena atatu munthu wamkulu, lita ndi theka mwana. Masana kumatha kupitirira madigiri 30, koma m'mawa pa damu pamazizira, ndiye aliyense akhale ndi juzi. Zipewa zikhale zomangira pachibwano. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa mudzole maola awiri aliwonse, ndipo zoti khungu lakuda silipsa zisiyeni, dzuwa la kumeneko limasupula mphuno ndi khosi. Nsapato zikhale zotseka. Zitenje ziwiri zithandiza kuposa ambulera, yomwe mphepo imaithyola: china choyala, china chomanga mthunzi. Chakudya chimagulitsidwa, koma mizere imatalika ndipo mitengo ndi ya pa chisangalalo, choncho konzani kamba wanu. Tengani khadi ndi marandi ochepa a m'manja, tishu, thumba la zinyalala, ndi pawabanki.

Choopsa chachikulu kwa ana ndi damu. Madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha zomera za fynbos za m'mapirimo. Si akuda, koma pansi sipaoneka, ndipo nthawi yomwe akuluakulu onse maso ali pa mpikisano ndi yomwe mwana amatsetserekera. Sankhani wamkulu mmodzi woyang'ana ana okha, muzisinthana pa theka la ola. Wamng'onoyo mulembeni nambala ya foni pa mkono.

Yendani m'tinjira, osalowa m'tchire. Kuli mphiri, njoka yomwe sithawa ikamva mapazi. Anyani musawapatse chakudya, ndipo magalasi a galimoto tsekani mukaima pamwamba pa phiri. Galu asiyeni kunyumba. Moto ayi: mbaula, kuotcha nyama m'tchire, ngakhale chotsalira cha ndudu. Nyengo imeneyi fynbos imakhala youma, ndipo ndi mphepo ija moto umathamanga kuposa munthu.

Mpikisano ukatha masana, pali choona china tisanabwerere? Achemwali a ku Muizenberg

Chilipo, achemwali, ndipo zitengera mphamvu zomwe zatsala. Ngati mwatopa, bwererani pa N2. Imani pa Peregrine kapena pa Orchard, mashopu a m'mbali mwa msewu ogulitsa zipatso, mapayi ndi juwisi. Chigwa cha Elgin ndi kwawo kwa maapozi, ndipo chakumwa cha Appletiser chinayambira komweko mu 1966. Nyengo imeneyi kukolola kumakhala kwayamba, ndiye chenjerani ndi mathirakitala ndi malole a zipatso m'misewu ing'onoing'ono. Elgin Railway Market, msika wa chakudya womwe uli m'nyumba yakale yosungiramo maapozi pafupi ndi njanji, umatsegula kumapeto a sabata. Pamwamba pa Sir Lowry's Pass pali malo oimikapo galimoto, pomwe mumaona False Bay yonse mpaka Table Mountain. Katundu asaonekere m'galimoto.

Ngati mwanyamuka pa damu 2 koloko isanakwane, tengani njira yaitali. Pitirirani pa N2 kutsika Houw Hoek Pass mpaka ku Bot River, mulowe R43, kenako R44 yopita ku Kleinmond ndi Betty's Bay. Kumanja kwanu kukhala mapiri a Kogelberg, dera lomwe UNESCO inalivomereza mu 1998 kukhala biosphere reserve (dera lotetezera chilengedwe) yoyamba mu South Africa. Ku Betty's Bay kuli munda wa zomera wa Harold Porter, komanso Stony Point komwe mbalame za penguin zimaswanirana. Konseku n'kolipira pakhomo ndipo amatseka dzuwa likadali m'mwamba, ndiye sankhani kumodzi. Ndi ana, ife tingasankhe mbalamezo. Kuchokera ku Rooi-Els kukafika ku Gordon's Bay ndi Clarence Drive, makilomita oposa 20 a makhona okhaokha, phiri kumanja nyanja kumanzi. Woyendetsa asamaonere malo akuyendetsa, malo opatukirapo alipo ambiri. Anamgumi musawayembekeze, nyengo yawo ndi Juni mpaka Novembala.

Njira imeneyi ndi makilomita pafupifupi 140 kukafika ku Cape Town, maola awiri ndi theka osawerengera poima. Dzuwa limalowa cha m'ma 7:30, ndiye nthawi ilipo. Chomwe chimasowa ndi tulo: woyendetsa amene anadzuka 4:30 n'kukhala padzuwa maola asanu ndi limodzi asinthane ndi wina, ndipo mowa wa pa mzere womaliza ausiyire okwera.

Kwathu ndi ku Mulanje, ndinathamangapo mpikisano wa Porters' Race, ndipo njinga ndapalasa kuyambira ndili mwana. Chaka chamawa ndingalowe nawo? Mnyamata wa ku Somerset West

Mungathe, achimwene. Miyendo yomwe inakwera ndi kutsika phiri la Mulanje siingaope makilomita 12 a ku Grabouw. Simunatchule kusambira, ndipo ndi pomwe pali ntchito. Mamita 1,500 ndi maulendo 60 a dziwe la mamita 25, popanda khoma logwira, pansi posaoneka, anthu akukumenyani zigongono. Yambani ndi dziwe katatu pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi mphunzitsi pa masabata oyamba kuti akonze kapumidwe. Mukafika pa mamita 800 osaima, yambani kusambira m'damu, koma ndi gulu, osati nokha.

Chaka choyamba lembetsani waufupi, womwe kusambira kwake ndi mamita mazana ochepa, kapena pezani mnzanu wosambira mupange timu, inu mutenge njinga kapena kuthamanga. Njinga ya kumudzi isakhale chifukwa chodzidalira, poti kutsika pa miyala ndi luso lina. Mufunika njinga ya m'mapiri ya mabuleki a disiki, yogwiritsidwapo kale ntchito ilibe vuto, helemeti yopanda mng'alu, ndi nsapato zothamangira za mano. Ku Helderberg, ku Jonkershoek ndi ku Elgin komweko kuli tinjira ta njinga tolipira pa tsiku. Kamodzi pa sabata, mukangotsika pa njinga, valani nsapato muthamange mphindi 15 osapuma, ndipo mwezi uliwonse muziwonjezerapo mphindi zisanu.